Bartolomeo Cristofori, mmisiri amene anapanga piyano yoyamba

Woimba kiyibodi m'tchalitchi ku Unit O ku Chitungwiza, ku Chipata kapena ku Zomba akadina batani mofatsa mawu n'kumveka chapansipansi, akalimenya mawu n'kukwera, amakhala akudyerera nzeru za mmisiri wina wa ku Italy, Bartolomeo Cristofori.

Cristofori anabadwa pa 4 Meyi 1655 mumzinda wa Padua. M'chaka cha 1688, Ferdinando de' Medici, mwana wa wolamulira dera la Tuscany, anamulemba ntchito yosamalira ndi kupanga zida zoimbira ku Florence.

Masiku amenewo anthu olemera ankaimba harpsichord, chida chooneka ngati piyano koma chimene chimachita kukodola nsambo zake. Vuto lake linali lakuti kaya woimba adine mwamphamvu kaya mofatsa, kukula kwa mawu sikunkasintha kwenikweni. Cristofori anaikamo tinyundo. Komatu luso lenileni silinali pa kumenya ayi, linali pa kuchoka. Nyundo ikamenya nsambo n'kukhala pomwepo imapha mawu, monga chimachitira chikhatho chikatsalira pa ng'oma. Choncho anakonza zakuti kanyundo kazimasuka katatsala pang'ono kugunda, kagunde ndi liwiro lake lokha, kabwerere msanga, kenaka kagwidwe kuti kasadumphenso. Woimba akachotsa chala, kachipangizo kena kankatsikira pa nsambo n'kuletsa kulira.

Kaundula wa zida za banja la Medici wa m'chaka cha 1700 amatchula kale chida chimenechi, choimba motsitsa ndi mokweza. M'Chitaliyana mawu awiriwa ndi piano ndi forte, ndipo dzina lakuti piyano linachokera pomwepo. Theka linalo linangotayika m'kamwa mwa anthu.

Scipione Maffei anafalitsa nkhani ya chidachi pamodzi ndi chojambula chake mu 1711, ndipo itamasuliridwa m'Chijeremani mu 1725 inafika kwa amisiri a ku Germany. Kumeneko Gottfried Silbermann anapanga mapiyano amene Johann Sebastian Bach poyamba anawapezera zifukwa, koma pambuyo pake anawavomereza.

Cristofori sanaione mbiri yonseyi. Anamwalira ku Florence pa 27 Januwale 1731, ndipo nyimbo zoyamba zolembedwera piyano, za Lodovico Giustini, zinasindikizidwa chaka chotsatira. Mapiyano ake atatu alipobe: ya 1720 ili ku New York, ya 1722 ku Rome, ya 1726 ku Leipzig. Ziwiri zomalizazi zili ndi mabatani 49, pamene piyano ya lero ili ndi 88.