ACHIDIKONI JOHNSON, MTUMIKI WA MULUNGU PANYANJA YATHU

Pamene tikukondwerera chikumbutso cha bungwe lathu, tinagwirizana kuti m'buku lino mukhalenso mbiri ya mmodzi mwa makolo athu a mu Mpingo. Chakudya tikudyachi anabzala ndi ena, tsono nkoyenera kuti ana athu awadziwe anthuwo. Amene tawasankha ndiwo Achidikoni William Percival Johnson, amene anatumikira midzi ya m'mbali mwa nyanja ino zaka 46.

M'MENE TINAWASANKHIRA

Pa nyengo ya Lenti, Bambo wansembe wathu anatitsogolera kuwerenga Salmo 107. Tsiku loyamba anatilembera pabolodi mawu angapo a Chihebri, chinenero chimene Masalmo analembedwamo poyamba. Ambiri a ife sukulu tinalekeza ku pulayimale, ndiye tinaseka poona zilembo zonga mapazi a nkhuku, zowerengedwa kuyambira kudzanja lamanja kupita kumanzere. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Pofika sabata lachitatu tinali titagwira mawu anayi.

Oyamba ndi yam, ndiye kuti nyanja. Ahebri ankatchula yam nyanja yaikulu yamchere, ndiponso nyanja ya Galileya imene ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi yathuyi. Achiwiri ndi ruach, amene atanthauza mphepo, mpweya wopuma, ndiponso mzimu. Achitatu ndi nefesh, amene timawamva ngati moyo, koma amanenanso pakhosi pa munthu, pamene pamauma ndi ludzu ndi kukana chakudya munthu akadwala. Achinayi ndi hesed, amene apezeka kasanu ndi kamodzi m'Salmo limeneli. Hesed ndi chifundo cha munthu amene anapangana nawe pangano, ndipo sakusiya zinthu zikavuta.

Salmoli lili ndi ndime 43, ndipo likamba za magulu anayi a anthu: osochera m'chipululu, omangidwa mumdima, odwala ofika pafupi ndi imfa, ndi oyenda panyanja ogwidwa ndi namondwe. Onsewo analira kwa Mulungu ndipo anawapulumutsa. Titamva mbiri ya Bambo Johnson tinazizwa, chifukwa njira zinayi zonsezi iwo anapitamo.

KUBADWA NDI KUITANIDWA

Anabadwa pa 12 Malichi 1854 ku St Helens, pachilumba cha Isle of Wight ku England. Anaphunzira ku Bedford, kenaka ku University College ku Oxford. Anali mnyamata wamphamvu, katswiri wopalasa bwato pamipikisano, ndipo maganizo awo anali oti akagwire ntchito ya boma ku India. Kumeneko ku Oxford anapalana ubwenzi ndi Chauncy Maples. Atamva kuti Ambuye Bishopu Edward Steere a ku Zanzibar akufuna anthu owathandiza mu mishoni ya U.M.C.A., anyamata awiriwa anadzipereka. Bambo Johnson anafika ku Zanzibar m'chaka cha 1876, chaka chomwecho chimene Mayi Mary Sumner anayambitsa Mothers' Union kwawo ku England. Anadzozedwa unsembe mu 1878. Monga amishoni onse a U.M.C.A. a masiku amenewo, sanakwatire.

M'CHIPULULU

Atatumikira ku Masasi, anapita okha kukakhala ku Mwembe, kwa mfumu Mataka ya Ayao, mu 1880. Masiku amenewo malonda a akapolo anali pakati. Ife a kuno tikudziwa kuti zombo za Jumbe zinkanyamula anthu padoko lathu lomwe lino kuwaolotsera kutsidya, ndipo kuchokera uko ankayenda pansi mpaka kunyanja yamchere. Mu 1881 anthu a ku Mwembe anawaganizira Bambo Johnson kuti ndiwo anaulula za ulendo wina wa akapolo umene unagwidwa kugombe. Nyumba yawo inafunkhidwa, katundu yense anatengedwa, ndipo anabwerera ku Masasi opanda kanthu.

Wina akadati basi, kwanga kwatha. Iwo ayi. Ananyamukanso ndi mnzawo, Bambo Charles Janson, ndipo anafika panyanja mu Febuluwale 1882. Ulendo wa m'dzinja unamufoola Bambo Janson, kotero kuti anamwalira mwezi womwewo pamudzi wa Chia. Tisasokoneze ndi Chia wathu wa kuno. Uyu ndi Chia wa kutsidya, ku Mozambique. Bambo Johnson anatsala okha. Zaka ziwiri zotsatira anayenda pansi mudzi ndi mudzi, kugona m'nyumba za anthu, kudya chimene apatsidwa, ndi kumvetsera m'mene anthu amayankhulira. Anapita ngakhale kwa Angoni a kumpoto amene nkhondo zawo zinkathawitsa anthu a m'mbali mwa nyanja.

MUMDIMA NDI M'MATENDA

Ataona kuti midzi yatambalala m'gombe lonse, anaganiza kuti Mpingo ufunika sitima. Anapita ku England kukapempha thandizo, ndipo sitima inapangidwa m'zidutswa zoti zidzalumikizidwe kuno. Koma pobwerera, chakumapeto kwa 1884, ali ku Quelimane, anagwidwa ndi nthenda yoopsa ya maso nakhala akhungu. Anabwezedwa ku England. Madokotala atawachita opaleshoni, diso limodzi linayamba kuona pang'ono chabe, linalo linatheratu. Sitima ija, imene inatchedwa Charles Janson, inaikidwa pamadzi ku Matope pamtsinje wa Shire mu 1885 mwini maganizo palibe. Chaka chomwecho mishoni inakhazikika pa Likoma.

Amayi, taganizani munthu wa zaka 30, wokonda mabuku, atakhala m'chipinda osatha kuona ngakhale dzanja lake. Palibe akadawadzudzula akadatsalira kwawo. Koma mu 1886 anabweranso panyanja ndi kadiso kamodzi kaja, ndipo ntchito yaikulu ya moyo wawo anaigwira ndi kameneko.

Nsinga nazo anazilawa. Mu 1888 anthu a mfumu Makanjira anawagwira pamodzi ndi John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain. Anawavula zovala, nawasunga mpaka dipo litaperekedwa. Malungo ndiye sitinena. Anawagwetsa kawirikawiri, ndipo anzawo ambiri anawaika m'manda.

TCHALITCHI CHOYENDA PAMADZI

Sitima ija inakhala nyumba yawo, tchalitchi chawo ndi sukulu yawo. Inkaima pamudzi, iwo natsika kukalalikira, kubatiza, kuyesa ana a sukulu, nasiya mphunzitsi pamenepo. Sanafune kuti Akhristu achotsedwe m'midzi mwawo kukaunjikana pamishoni. Anafuna Mpingo wa m'mudzi, wotsogozedwa ndi eni dziko. Pakati pa amene anagwira nawo ntchito panali Augustine Ambali, amene ali mwana anagwidwapo ukapolo, ndipo anatumikira zaka zambiri ku Msumba. Yohana Abdallah wa ku Unangu, wodzozedwa unsembe mu 1898. Ndi Leonard Kamungu wa ku Chia kuja, amene anapita kukayamba ntchito ku Msoro, ku Zambia, namwalira komweko mu 1913.

Tisabise, Bambo Johnson sanali munthu wofewa. Anali ouma mtima pa thupi lawo, ndipo ankafuna kuti ena apirire chimodzimodzi. Azungu anzawo ena zinkawavuta kukhala nawo. Mulungu sagwiritsa ntchito angelo okha, agwiritsanso anthu okhala ndi zofooka zawo monga ife.

NAMONDWE WA 1895

Kuno kwathu mishoni inayamba mu 1894, pamene Bambo Arthur Fraser Sim anadzakhala pakati pathu. Chaka chotsatira chinali cha misozi. Chauncy Maples, bwenzi lija la ku Oxford, anadzozedwa ku London mu Juni 1895 kukhala Bishopu wa Likoma. Pobwerera anakwera bwato lachitsulo lotchedwa Sherriff, kuchokera kumwera kwa nyanja. Usiku wa pa 2 Sepitembala mphepo inakula, bwato linagubuduka, ndipo Ambuye Maples anamira pamodzi ndi mnzawo Joseph Williams. Mtembo wa Bishopu utapezeka, anadzauika kuno ku Nkhotakota, ndipo manda awo ali m'tchalitchi chathu cha All Saints. Mwezi wa Okutobala chaka chomwecho Bambo Sim nawo anamwalira.

Titafika pamenepa m'phunziro lathu, m'chipinda munangoti zii. Mayi wina wamasiye, amene amuna ake anapita kukaponya chilimira osabwerako, anafunsa chimene tonse tinali nacho mumtima. Salmo likuti oyenda panyanja analira ndipo anapulumuka. Nanga Bishopu sanalire? Nanga amuna athu amene mwera unawatenga sanaitane dzina la Mulungu?

Funso limeneli sitinalithe, ndipo sitikufuna kunamizana kuti tinalitha. Koma mawu a Chihebri aja anatithandiza. Tinaona kuti hesed si lonjezo lakuti mwera sudzaomba. Hesed afanana ndi mayi wodikirira mwana wake kuchipatala: amagona pasimenti, amaphika phala, amachapa nsalu, mwana achire kapena asachire, iye sachoka. Bambo wansembe anationetsanso kuti pa ndime 30, mawu otanthauza doko, machoz, sapezeka pena paliponse m'Chipangano Chakale koma pamenepo pokha. Ena Mulungu amawafikitsa padoko la kuno, ena padoko la kutsidya, koma palibe amene amamutaya pakati pa madzi. Umu ndi m'mene tinatonthozerana.

Bambo Johnson anataya bwenzi la zaka zoposa 20, koma sanaiope nyanja kapena kuida. Mu 1896 anaikidwa kukhala Achidikoni, ndipo kuyambira 1901 anayenda m'sitima yatsopano, yokulirapo, yotchedwa dzina la bwenzi lawo lomwelo, Chauncy Maples.

BUKU LA MULUNGU M'CHINENERO CHATHU

Ntchito imene tiyenera kuithokoza koposa ndi yomasulira. M'kachipinda ka m'sitima yogwedezeka ndi mafunde, buku ataliyandikiza pafupi ndi diso, anatembenuza Mawu a Mulungu ndime ndi ndime, mothandizana ndi aphunzitsi a m'midzi ndi amishoni anzawo. Chipangano Chatsopano chinatuluka mu 1898, ndipo Baibulo lonse m'Chinyanja cha ku Likoma linatuluka mu 1912. Mu 1911 sukulu yawo ya Oxford inawalemekeza ndi digiri ya udokotala wa zaumulungu. Anasonkhanitsanso miyambi ya Chinyanja, nalemba buku lofotokoza za nyanja ndi anthu ake, Nyasa the Great Water, mu 1922.

Ife titalimbana ndi mawu anayi okha kwa masabata angapo, tinamvetsa kulemera kwa katundu ameneyu. Womasulira akapeza ruach, alembe mphepo kapena mzimu? Akapeza hesed, alembe chifundo, chikondi kapena kukhulupirika, pamene mawu a Chihebri asenza zonsezo pamodzi? Masalmo alipo 150, ndipo Buku la Mapemphero la Mpingo wathu linawagawa kuti onse awerengedwe mwezi uliwonse, m'mawa ndi madzulo. Salmo 107 ligwa m'mawa wa tsiku la 22. Tsono mawu amene womasulira wasankha, ndi amene anthu adzapemphera nawo moyo wawo wonse.

Chinyanja cha m'Baibulo limenelo chinali cha kunyanja, ndipo anthu a kumtunda chinkawavuta. Buku Lopatulika, limene William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed anatsogolera, litatuluka mu 1922, ndilo linafala m'dziko lonse, ndipo pambuyo pake kunabwera Buku Loyera mu 1998. Komabe wolambula njira saiwalika chifukwa choti ena anadzaikuza.

MASIKU OTSIRIZA

Atakalamba anakhala chakumpoto kwa nyanja, mbali ya Tanzania, ku Manda ndi ku Liuli, akuphunzirabe zinenero za anthu a kumeneko ndi kuwamasulira Mawu. Anamwalira ku Liuli pa 11 Okutobala 1928, ali ndi zaka 74, patapita zaka 52 chifikire mu Africa. Anaikidwa m'tchalitchi cha komweko. Abwenzi awiri aja agona moyang'anizana, wina kuno, wina kutsidya, nyanja ili pakati. Mpingo umawakumbukira Bambo Johnson pa 11 Okutobala.

TITENGEPO CHIYANI?

Choyamba, tisanene kuti Mawu a Mulungu ndi a ophunzira okha. Ngati munthu wa diso limodzi anamasulira Baibulo lonse, ife a maso awiri tingalephere bwanji kuwerenga Salmo limodzi pa tsiku? Amene satha kuwerenga apemphe mdzukulu amuwerengere. Tisachite manyazi kufunsa abusa athu tanthauzo la mawu.

Chachiwiri, hesed tisangomusunga m'kope. Pakati pathu pali osochera, pali a m'ndende, pali odwala, pali amasiye a asodzi. Magulu anayi a m'Salmo aja ali m'midzi mwathu momwemuno. Kukayendera wodwala kamodzi nkosavuta. Kubwererako mwezi wachitatu, ena onse atatopa, ndiye ntchito ya bungwe lathu.

Chachitatu, tikupempha mabanja onse kuti pa 22 mwezi uliwonse, m'mawa bambo asanakankhe bwato, tiziwerenga Salmo 107 pamodzi ndi ana, ndi kuwatchula maina onse a pabanja pathu amene ali panyanja, m'chipatala kapena paulendo.

Mulungu adalitse inu nonse ndi nyumba zanu.

Mlembi wa Bungwe la Amayi,
Nkhotakota.