Bambo Jean-Jacques Kieffer, Wansembe Wotcha Timavu Maina

M'chaka cha 1857, m'mudzi wa Guinkirchen m'chigawo cha Lorraine ku Ulaya, munabadwa mwana wamwamuna amene anamutcha Jean-Jacques Kieffer. Pamene anali ndi zaka 14, chigawo chakwao chinalandidwa ku France ndi kuperekedwa m'manja mwa Germany, ndipo chinakhala chomwecho kufikira 1918. Motero iyeyu anadziwa Chifalansa ndi Chijeremani, ndipo pambuyo pake analemba mabuku ake m'zinenero ziwirizo.

Atadzozedwa unsembe m'dayosizi ya Metz, anatumidwa kukaphunzitsa anyamata za chilengedwe pa sukulu ya Saint-Augustin m'tauni ya Bitche. Kumeneko ndiko anathera moyo wake. Akatsiriza Misa ndi maphunziro a ana, ankakhala pansi ndi galasi lokulitsa zinthu, napenyetsetsa tizilombo timene anthu ambiri amangotiponda osationa.

Mwa tizilombo tonse, anakonda makamaka timavu tina tating'onoting'ono, tambiri tosaposa njere ya mawere. Timavuti sitimanga zisa monga mavu a pakhonde. Takatakazi timaikira mazira athu ake m'thupi la mbozi, kapena m'kati mwa dzira la kachilombo kena. Ndipo kamwana kakaswa, kamadya mwini nyumbayo kufikira atafa. Choncho timavu timeneti ndi abwenzi a mlimi, pakuti tina timapha mazira a mbozi zoboola mapesi a mpunga m'minda ya ku Asia. Koma mtundu uliwonse uli ndi tizilombo take timene umagwira, ndipo amene asokoneza mitundu iwiri sangadziwe woteteza munda wake. Nchifukwa chake kutcha dzina loyenera si ntchito yamasewera.

Ntchitoyi ndiyo Bambo Kieffer anaigwira ndi chipiriro chachikulu. Ankawerenga mfundo za tinyanga ta kamavu, kuyang'ana mitsempha ya m'mapiko ndi mizere ya pamsana, kenaka kulemba zonse mwadongosolo ndi kupereka dzina la Chilatini. Mbiri yake itamveka, akatswiri a maiko akutali anayamba kumutumizira tizilombo m'timabotolo ndi m'timabokosi. Mmodzi wa iwo anali Charles Fuller Baker, mphunzitsi wa zaulimi ku Los Baños m'zilumba za Philippines. Kuchokera m'zimene Baker anasonkhanitsa, wansembeyu anafotokoza mitundu yambiri yatsopano, ndipo zina anazisindikiza m'magazini ya Philippine Journal of Science. Analembanso za tintchentche ta ku India tochokera ku Indian Museum ya ku Calcutta.

Mabuku ake aakulu anatuluka m'mndandanda wotchedwa Das Tierreich: la banja la Evaniidae mu 1912, la Bethylidae mu 1914, la Diapriidae mu 1916, ndi la Scelionidae mu 1926, mwini wake atamwalira kale. M'mabukumo anaika mafunso otsatanatsatana otsogolera wophunzira kufikira apeze dzina la kamavu kali m'manja mwake. Sukulu yaukachenjede ya Strasbourg inamulemekeza ndi digiri ya udokotala mu 1904.

Komabe ntchito ya munthu siikhala yopanda chilema. Lamulo la akatswiri ndi lakuti kachilombo kamene kanayamba kutchedwa dzinalo kasungidwe, kuti obwera m'mbuyo akafanizirepo. Tambiri mwa timene Bambo Kieffer anafotokoza tinabalalika kapena kutayika, ndipo mawu ake ena ndi aafupi. Motero ophunzira timavu ta ku Asia amavutikabe kutsimikiza kuti maina ena ndi a kamavu kati.

Bambo Kieffer anamwalira ku Bitche pa 30 December 1925. Sukulu ina ya m'tauniyo inatchedwa dzina lake. Iye sanalekanitse unsembe ndi maphunziro, pakuti anaona kuti ngakhale kolengedwa kochepetsetsa nkoyenera kukadziwa bwino. Ambuye amupatse mpumulo wosatha.