Mfumu Maseya, Mnzace wa Livingstone

Dzina la Maseya lidziwika kwa membala ali yense wa Bungwe lino, koma ndi owerengeka amene akumbukira kuti mwini dzinali anafika kuno ngati mlendo. Iye anali mmodzi wa Amagololo, anthu a Mfumu Sekeletu a kumtunda kwa Zambezi, amene anatsagana ndi Dotolo Livingstone pa ulendo wace. Pamene mzunguyo anacoka m'caka ca 1864, Maseya anatsalira m'mbali mwa Shire pamodzi ndi Kasisi, Cipatula, Mlauli ndi Katunga.

Masiku amenewo cigwa cinali citapasuka ndi njala ya 1862 ndi nkhondo za ogula akapolo. Pokhala ndi mfuti, Amagololo anasaka njobvu, nagulitsa minyanga, nasonkhanitsa othawa nkhondo m'malinga mwao. Pambuyo pace anacita malonda ndi a Mandala. Sikuyenera kubisa kuti ufumu umenewu unacita kulandidwa kwa Amang'anja, ndipo a Lundu anataya zambiri. Komabe, monga anzace, Maseya anakwatira mwa eni dziko, ndipo ana ace anakula alikulankhula Cimang'anja.

Anakhala ndi moyo kufikira nthawi ya Boma la Angerezi. Cithunzi cace ciri m'buku la Harry Johnston la 1897. Mpando wace ukalipo m'boma la Cikwawa.