Donald Fraser wa ku Loudon ndi Nyimbo za Anthu Wamba

Ambiri a ife amene timaimba m'makwaya a mipingo ya kuno ku Chongwe sitinapiteko ku sukulu ya nyimbo. Tinaphunzira mwa kuima pafupi ndi munthu wodziwa, kumvetsera, kuuzidwa pamene mau athu atsetsereka, ndi kubwerezanso Loweruka lotsatira. Kaphunziridwe kameneka kali ndi mbiri yake mu Mpingo. Mmodzi wa anthu amene anakakhulupirira kwambiri anali Abusa a Donald Fraser, amene anatumikira pakati pa Angoni ndi Atumbuka kumpoto kwa Malawi kucokera mu 1896 kufikira mu 1925.

A Fraser anabadwa pa 1 Juni 1870 ku Lochgilphead, kumadzulo kwa Scotland. Atate ao anali mbusa wa mpingo wa Free Church. Anaphunzira ku Glasgow, ndipo akali mnyamata anadziwika monga mtsogoleri wa ophunzira amene anadzipereka kukalalikira kumaiko akutali. Mu 1896 anatsogolera msonkhano waukulu wa ophunzirawo ku Liverpool. M'caka comweco ananyamuka, nadzera ku South Africa, nafika ku mishoni ya Livingstonia cakumapeto kwa caka. Nchito yao yoyamba inali ku Ekwendeni, m'dziko la Angoni a M'mbelwa.

Angoni amenewa si acilendo kwa ife. Makolo ao anaoloka Zambezi pamodzi ndi Zwangendaba mu 1835, pafupi ndi pamene Luangwa amathira m'Zambezi, ndipo ndi abale eni eni a Angoni a Mpezeni a ku Chipata. Anali anthu oimba. Anali ndi nyimbo za nkhondo, za ukwati, za maliro ndi zotamanda mafumu, ndipo pa ingoma amuna anali kuponda pansi mwamphamvu akazi alikuomba m'manja ndi kuyankha. Koma anthu omwewo akalowa m'nyumba ya mapemphero anali kupatsidwa nyimbo za ku Scotland ndi ku England zomasuliridwa, ndipo kaimbidwe kao kanali kulemera.

Cifukwa cake oimba onse angacimve pa lilime pao. M'zinenero zathu mphamvu ya liu imagwera pa cigawo cotsatizana ndi comaliza. Tikachula dzina la Mulungu timakoka pa "lu", ndipo "ngu" amangotsatira mopepuka. Nyimbo zambiri za Cingelezi zimathera pa liu lolemera ndi lalitali, kotero woimba amakakamizika kukoka cigawo cimene palibe munthu amacikoka polankhula. M'Cinyanja muli vuto linanso, pakuti kukwera ndi kutsika kwa mau kumasintha tanthauzo: mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika amasiyana pa kamvekedwe cabe. Sitikunyoza nyimbo zomasulira. Tinakula nazo, tinaika nazo makolo athu m'manda, ndipo tidzapitiriza kuziimba. Koma munthu woyamba kuphunzira amavutika kawiri ndi nyimbo yotere, kulimbana ndi cuni ndi kulimbananso ndi cinenero cake.

Kupeka nyimbo za Cikhristu m'kaimbidwe ka Angoni sanakuyambitse ndi a Fraser. Anapeza kutayamba kale. Ku Njuyu kunali a Mawelera Tembo, mwana wa sing'anga, amene anabatizidwa mu 1890 pamodzi ndi mbale wao Makara, ndipo awiriwa ndiwo anali Angoni oyamba kubatizidwa m'dzikomo. A Mawelera anali ndi khutu la nyimbo, ndipo anali kutenga macuni amene anthu ankawadziwa ndi kuwaveka mau a Uthenga Wabwino. Nzeru ya a Fraser inali kuzindikira kuti munthu wotere sali yekha, ndi kuti m'midzi muli ena ambiri amene akungosowa bwalo.

Bwalo loyamba linali misonkhano ikuluikulu ya Mgonero. Kwao ku mapiri a Scotland kunali mwambo wakuti anthu a midzi yambiri asonkhane masiku angapo pamalo amodzi kukonzekera Mgonero wa Ambuye. A Fraser anayesa mwambowu ku Ekwendeni mu 1898, ndipo anthu zikwi zingapo anabwera wapansi, ena ulendo wa masiku, namanga misasa. Kucokera pamenepo misonkhanoyi inakhala ya caka ndi caka. Mu 1900 a Fraser anasamukira ku Hora, ndipo mu 1902 anakhazika mishoni ya Loudon, pamalo amene lero timawadziwa kuti Embangweni, kufupi ndi malire a Lundazi. Akazi ao, Mai Agnes, anali dokotala, ndipo anayang'anira za cipatala.

Ku Loudon ndi kumene a Fraser anakhazikitsa mipikisano ya kupeka nyimbo. Aphunzitsi, alaliki ndi akhristu wamba anali kubwera ndi nyimbo zatsopano kudzaziimba pamaso pa anzao. Tiyeni tiganizire cimene cinali kufunika kuti nyimbo imodzi ifike pa bwalo limenelo. Wopeka analibe limba, analibe wailesi kapena foni yojambulira mau. Cuni cinali kukhala m'mutu mwake, ndipo njira yokha yocisungira inali kuciphunzitsa kwa ena. Kaimbidwe kathu kambiri ndi kotsogolera ndi kuyankha: mmodzi aponya mau, gulu liwalandira. Wopeka akaponya mzere ndipo gulu lalephera kulowa pa nthawi yake, safunika munthu womuuza kuti pali colakwika, wadzimvera yekha. Akaona kuti ana a sukulu akhota pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, amayamba kufunsa ngati olakwa ndi anawo kapena ndi cunico. Nthawi zina njira imene gulu lakhotera imakhala yokoma kuposa imene iye anakonza, ndipo wopeka wanzeru amaitenga. Motero nyimbo inali kufika ku Loudon itadutsa kale m'kamwa mwa anthu ambiri.

Pa msonkhano inali kukumana ndi makutu a anthu a midzi ina, amene analibe cifukwa cokondera mwini wake. Apa ndi pamene tiona kuti mpikisano unali ndi phindu loposa kupambana. Wa ku mudzi wakuti anamva mmene anzake a kutsidya la mtsinje amalowetsera mau aakulu a amuna, ndi mmene amagawira mpweya pa mzere wautali, nabwerera kwao ali ndi cokonza. Ndipo ciweruzo comaliza sicinali m'manja mwa mzungu aliyense. Nyimbo imene anthu anaigwira anapita nayo kumidzi, naiimba m'njira, kumunda ndi pamaliro. Imene sanaigwire inathera pa bwalo pomwepo. Masukulu a mishoni anali kuphunzitsa sofa, d r m yemweyo amene aphunzitsi a kwaya amatilembera pa bolodi kufikira lero, ndipo anathandiza kulemba macuni kuti asatayike. Koma pepala linali kubwera pambuyo, nyimbo itayesedwa kale ndi anthu.

Panali ngozi pa nchito imeneyi, ndipo si bwino kuibisa. Cuni cimanyamula cikumbukiro. Zaka zocepa cabe zinali zitapita kucokera pamene magulu a nkhondo a Angoni anali kuthira nkhondo midzi ya Atumbuka, Atonga ndi Asenga, ndipo ena mwa okhala pa mabenci a chalichi anali anthu ogwidwa pa nkhondozo. Kodi cuni cimene cinaimbidwa ndi anthu onyamula zishango cingaimbidwe pa Mgonero, wogwira ndi wogwidwa atakhala pa mphasa imodzi? Mlendo sakanatha kuyankha funso limeneli, pakuti iye anali kumva kukoma kwa mau cabe. Odziwa cimene cuni ciliconse cimakumbutsa anali eni ake. Pa cifukwa ici, kupereka nyimbo kwa anzako kuti aimve sikunali kofunika pa luso lokha, kunali kofunikanso pa cikumbumtima ca mpingo. Amishoni ena sanakondwere ndi njira za a Fraser. Dokotala Walter Elmslie, amene anatumikira pakati pa Angoni nthawi yaitali iwo asanafike, anali kuopa kuti misonkhano ikuluikuluyo ikuutsa kutengeka mtima koposa cikhulupiriro cokhazikika. Nkhawa yao sinali yopanda pake. Ife tomwe tadziwa kwaya yoimba mogwetsa misozi pa Sabata koma yosatha kukhululukirana pa Lolemba. Komabe pa nkhani ya nyimbo nthawi inavomereza a Fraser.

Umboni wake ndi maina a anthu amene nyimbo zao zinakhala. Kuonjezera pa a Mawelera Tembo, pali a Peter Thole, a Charles Chinula, a Jonathan Chirwa ndi a Hezekiah Tweya. A Chirwa ndi a Tweya anali pakati pa abusa atatu oyamba a ciAfrika amene Livingstonia inadzoza mu 1914, pamodzi ndi a Yesaya Zerenji Mwasi. Palibe mmodzi wa iwo amene nchito yake inali kuimba. Anali aphunzitsi, alaliki ndi abusa, anthu otanganidwa ndi sukulu ndi maulendo a wapansi, ndipo nyimbo anali kuzisula pa nthawi yotsala. Buku la nyimbo la Citumbuka lochedwa Sumu za Ukristu lili ndi nyimbo zoposa 100 zopekedwa ndi anthu a kuno ku Africa, cinthu cimene mabuku a nyimbo a mishoni zambiri za nthawi imeneyo analibe. Tikayerekeza ndi mabuku amene ife a Cinyanja tinalandira, m'mene nyimbo zomasulira ndizo zicuruka, timaona kukula kwa cimene cinacitika ku Mzimba.

Nyimbozi zinaoloka malire kulowa m'dziko lathu lino msanga. A Fraser anayenderako kwa Asenga a m'cigwa ca Luangwa, dera limene anali kulicha Marambo, ndipo akhristu a Cingoni anadzipereka kukaphunzitsa kwa anthu omwe aja amene kale anali kuwathira nkhondo. Mishoni ya Chasefu kufupi ndi Lundazi inaphuka pa nchito imeneyo, ndipo ndiyo muzu umodzi wa Sinodi ya CCAP ya Zambia, imene inaima payokha mu 1984. Lero ana ndi adzukulu a ku Lundazi ndi Chama ali pakati pathu ku Chongwe, ku Chalimbana ndi m'makomboni a Lusaka, ndipo ena a ife tinamva nyimbo za Citumbuka zimenezi pa maliro kapena pa msonkhano wa azimai osadziwa kumene zinacokera.

Pano tingapatuke pang'ono ndi kudzifunsa za ife eni. Dziko lino ndi la Asoli, ndipo aliyense amene anafikako ku mwambo wa Chakwela Makumbi adziwa kuti Asoli ali ndi kaimbidwe kao. Koma ndi makwaya angati a m'boma lino amene ali ndi nyimbo ya Cisoli yopekedwa ndi membala wao? Kawirikawiri timatenga nyimbo yomveka pa wailesi kapena pa YouTube, tiiloweza monga ilili, ndi kupita nayo ku mpikisano kumene oweruza atatu alemba mamalikisi pa pepala limene oimba saliona. Wacinyamata amene wabwera ndi nyimbo yake amauzidwa kuti nthawi yacepa. Foni imatithandiza, pakuti munthu angadzijambule ndi kumva yekha pamene mau ake akutsika osafuna, mwai umene a Mawelera analibe. Koma foni siyankha mzere umene wauponya, ndipo singakuuze kuti mau amene waika pa cuni ico agogo akuwamva mwa njira ina.

A Fraser anali munthu wa nthawi yao. Limodzi la mabuku ao, la mu 1914, lili ndi mutu wakuti Winning a Primitive People, ndipo liu limene anachulira nalo anthu athu pamenepo limatipweteka tikaliwerenga lero. Anakhala m'masiku a ulamuliro wa atsamunda ndipo sanatuluke m'maganizo onse a masikuwo. Koma pa zocita anapita patsogolo pa anzao ambiri. Anakhazikitsa udindo wa azimai acikulire oyang'anira akazi ndi atsikana mu mpingo, ochedwa balalakazi, pa nthawi imene ku Scotland komweko mkazi sanali kuloledwa kukhala mkulu wa mpingo. Analemba mbiri ya mnzao Daniel Mtusu Nhlane, msilikali wa Cingoni amene anakhala mlaliki. Anthu a ku Mzimba anawapatsa dzina lakuti Chisekeseke cifukwa ca nkhope yao yomwetulira, ndipo ife tikuganiza kuti dzinali likunena kanthu za mipikisano ija. Munthu wamanyazi satulutsa nyimbo yake yoyamba pamaso pa mtsogoleri wokwinya nkhope.

Mu 1922 mpingo wao wa United Free Church of Scotland unawasankha kukhala Mtsogoleri wa Msonkhano Waukulu. Mu 1925 anacoka ku Loudon kukagwira nchito mu ofesi ya za mishoni ku Scotland, ndipo mu 1926 anatsogolera msonkhano wa amishoni a mu Africa ku Le Zoute m'dziko la Belgium. Anamwalira pa 20 Ogasiti 1933 ali ndi zaka 63. Phulusa la thupi lao linabwezedwa ku Malawi ndi kuikidwa ku Loudon.

Nyimbo zija zinayenda ulendo wosiyana ndi umene nyimbo za amishoni zinayenda poyamba. Mu 1959 Helen Taylor anasindikiza zina mwa izo m'Cingelezi m'buku lochedwa Tunes from Nyasaland, ndipo pambuyo pake Abusa a Tom Colvin anamasulira zinanso. Macuni ena a kumpoto kwa Malawi analowa m'buku la nyimbo la Church of Scotland limene linatuluka mu 2005, ndipo tsopano akuimbidwa m'mipingo ya ku Glasgow, mzinda umene a Fraser anaphunziramo ubusa.