Lev Vygotsky: Mphunzitsi wa ku Gomel Amene Adafufuza Gwero la Maganizo a Mwana

Lev Semyonovich Vygotsky adabadwa m'chaka cha 1896 m'tauni ya Orsha, m'dziko limene lero likutchedwa Belarus, limene pa nthawiyo linali pansi pa ufumu wa Russia. Akadali khanda, makolo ake adasamukira ku Gomel, ndipo kumeneko ndi kumene adakulira. Banja lawo linali lachiyuda, la ana asanu ndi atatu, iye ali wachiwiri kubadwa. Bambo ake ankagwira ntchito kubanki, pamene mayi ake adaphunzira zauphunzitsi. Maphunziro oyamba adawalandira pakhomo, kwa mphunzitsi wina dzina lake Solomon Ashpiz, amene ankatsogolera mwana ndi mafunso kufikira mwanayo atapeza yekha yankho. Ali mnyamata, Vygotsky adaphunzira zilankhulo zingapo, zina mwa izo Chijeremani, Chihebri ndi Chilatini.

Masiku amenewo boma linkalola Ayuda ochepa okha kulowa yunivesite, ndipo m'chaka cha 1913 malo ochepawo adagawidwa mwa maere. Maere adamukomera, nalowa yunivesite ya Moscow. Adayamba ndi zaudokotala, koma posakhalitsa adasintha n'kuyamba zamalamulo. Nthawi yomweyo ankaphunziranso mbiri yakale ndi nzeru zozama pa yunivesite ya Shanyavsky. Mu 1917, chaka chimene ufumu wa Russia udagwa, adabwerera kwawo ku Gomel. Kumeneko adakhala mphunzitsi wa zolembalemba, kenako adaphunzitsa pasukulu yosula aphunzitsi, kumene adatsegula chipinda chofufuziramo kaganizidwe ka ana. M'zaka zomwezo chifuwa chachikulu chidalowa m'banja mwawo. Chidapha mng'ono wake, ndipo iyenso chidamugwira, osamusiyanso moyo wake wonse.

Mu Januwale 1924, mphunzitsi wosadziwikayu adalankhula pamsonkhano waukulu wa akatswiri a zamaganizo ndi ubongo ku Petrograd, mzinda umene lero ndi St Petersburg. Mmodzi mwa omvera, Alexander Luria, adachita chidwi, ndipo Vygotsky adaitanidwa kukagwira ntchito ku Moscow. Kuyambira pamenepo adangotsala ndi zaka khumi zokhala ndi moyo. M'zaka khumi zimenezo adalemba mabuku ndi nkhani zoposa zana, zina ali gone m'chipatala. Pakati pa izo panali buku lophunzitsa aphunzitsi za kaganizidwe ka ana, limene lidatuluka mu 1926, lochokera m'maphunziro amene ankapereka ku Gomel.

Funso limene lidamudya mutu linali lakuti: kodi maganizo a mwana amachokera kuti? Iye adapeza kuti amayambira pakati pa mwana ndi anthu omuzungulira, kenako n'kukhazikika m'mutu mwa mwanayo. Khanda likatambasula dzanja kufuna chinthu chimene chili patali, mayi amaona n'kulipatsa. Izi zikachitika kangapo, kutambasula dzanja kuja kumasanduka kuloza, ndipo khandalo layamba kuuza munthu wina zimene likufuna. Mawu nawonso amayenda njira yomweyo. Poyamba akulu amalangiza mwana ndi mawu, pambuyo pake mwana amadzilangiza yekha ndi mawu omwewo.

Pa mfundo imeneyi adasiyana maganizo ndi Jean Piaget wa ku Switzerland, amene adabadwa chaka chimodzi ndi iye. Piaget adaona kuti ana aang'ono amakonda kudzilankhulira okha posewera, ndipo adaganiza kuti chizolowezichi chimangozimirira mwana akamakula. Vygotsky ndi anzake adayesa kuika chopinga pantchito ya mwana, monga kuchotsa pensulo ya mtundu umene akufuna pojambula. Adapeza kuti kudzilankhulira kuja kunkachuluka pafupifupi kawiri. Apa adazindikira kuti mwanayo akugwiritsa ntchito mawu pofuna njira yothetsera vutolo. Mwana akafika msinkhu woyamba sukulu, mawu aja amalowa m'kati, nasanduka kulankhula kwa mumtima kumene munthu amaganizira.

Vygotsky adadandaulanso ndi mayeso oyeza nzeru amene amangoona zimene mwana angachite payekha. Adapereka chitsanzo cha ana awiri amene pa mayeso onse akuoneka kuti ali ndi nzeru za mwana wa zaka 8. Akathandizidwa pang'ono, monga kufunsidwa funso lowatsogolera kapena kuyambiridwa ntchitoyo, wina amakhoza ntchito za mwana wa zaka 9, pamene mnzake amafika pa za mwana wa zaka 12. Mayeso adawaika pamlingo umodzi, chonsecho ndi osiyana kwambiri. Mpata umene uli pakati pa zimene mwana angachite yekha ndi zimene angachite mothandizidwa ndi umene mphunzitsi ayenera kulunjikapo, chifukwa zimene mwana akuchita lero mothandizidwa adzazichita yekha mawa.

Gawo lalikulu la ntchito yake lidali pakati pa ana osamva, osaona ndi ena ovutika kuphunzira. Mu 1925 adapita ku London kumsonkhano wokambirana za maphunziro a ana osamva. Iye adaphunzitsa kuti chimene chimapweteka mwana kwambiri ndi zimene zimatsatira chilemacho: kusalidwa, kubindikiritsidwa, ndi kumanidwa mwayi wocheza ndi anzake. Njira imodzi ikatsekeka, mphunzitsi afune ina, monga zilembo zotukuza za osaona kapena chilankhulo cha manja. Adafufuzanso matenda a maganizo. Pamodzi ndi Leonid Sakharov adakonza mayeso a timatabwa 22 tosiyana mtundu, maonekedwe ndi kukula, tokhala ndi mayina opeka olembedwa kunsi kwake, pofuna kuona mmene munthu amaikira zinthu m'magulu. Timatabwati tidasonyeza mmene luso limeneli limakulira mwa ana, ndiponso mmene limasokonekera mwa odwala nthenda ya schizophrenia. Nkhani yake yonena za zimenezi idasindikizidwa ku America mu 1934.

M'buku lake lomaliza, lonena za maganizo ndi chilankhulo, muli mfundo imene ikukhudza ntchito yathu mwachindunji. Chilankhulo cha pakhomo mwana amachiphunzira osadziwa kuti akuphunzira. Amalankhula bwino asanamve za malamulo ake. Chilankhulo chachilendo amachiphunzira mwadala, kuyambira pa zilembo ndi malamulo. Akamaphunzira mawu achilendo, sayambanso kudziwa dziko mwatsopano, koma amawamangirira pa matanthauzo amene ali nawo kale m'chilankhulo chake. Motero kukhoza kwake m'chilankhulo chachiwiri kumadalira kukhwima kwa choyamba. Phindu limabwereranso kumene lidachokera: mwana wophunzira chilankhulo china amayamba kuona kapangidwe ka chilankhulo chake, monga mmene masamu ogwiritsa ntchito zilembo amathandizira munthu kumvetsa bwino masamu a manambala.

Mutu womaliza wa bukuli adaunena pakamwa, ena akulemba, matenda atamufoola. Adamwalira ku Moscow pa 11 Juni 1934, ali ndi zaka 37, nasiya mkazi wake Roza ndi ana aakazi awiri. Bukulo lidatuluka chaka chomwecho iye atapita kale. Mu 1936 chipani cholamula chidaletsa nthambi ya maphunziro a kakulidwe ka ana imene iye ankagwiramo ntchito, ndipo kwa zaka makumi awiri zolemba zake sizidasindikizidwenso. Zidayambanso kutuluka mu 1956. Mu 1962 buku lomaliza lija lidamasuliridwa m'Chingelezi, mawu otsogolera atalemba Jerome Bruner, ndipo Piaget, amene adaliwerenga patapita zaka zoposa makumi awiri mwiniwake atamwalira, adalemba yankho lake. M'zaka za m'ma 1980 mabuku ake adatuluka m'Chipwitikizi ku Brazil, ena mwa iwo A Formação Social da Mente ndi Pensamento e Linguagem.

Kuno ku Mozambiki, kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri kudayesedwa kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Mwana amene mudzamulandira m'kalasi yoyamba ku Angónia kapena m'mbali mwa nyanja ku Niassa adzabwera akudziwa kuwerenga mbuzi, kufotokoza nthano ndi kumasulira zilapi m'Chinyanja. Mukadzamufunsa m'Chipwitikizi n'kukhala chete, musadzafulumire kulemba kuti alibe nzeru. Mudzamufunsenso m'chilankhulo chake, mudzamuyambire ntchitoyo pang'ono, ndipo mudzaone pamene adzafike.