Ida Lupino: Mayi Amene Adajambula Nkhani Zimene Ena Ankaziopa

M'zaka za m'ma 1950, ku Hollywood m'dziko la America, ntchito yotsogolera kajambulidwe ka filimu idali m'manja mwa amuna. Akazi ankafunidwa kuti azisewera pamaso pa kamera basi. Koma padali mayi mmodzi amene adaima kuseri kwa kamerayo nalamula ntchito yonse. Dzina lawo lidali Ida Lupino.

Mayi Lupino adabadwira ku London pa 4 February 1918, m'banja la anthu a zisudzo. Bambo awo, a Stanley Lupino, adali katswiri woseketsa anthu. Mu 1933 adapita ku Hollywood, ndipo pofika 1941 adali atatchuka ndi mafilimu a They Drive by Night ndi High Sierra, m'mene adasewera ndi Humphrey Bogart. Komabe mbali zambiri zimene kampani ya Warner Brothers inkawapatsa ankazikana poona kuti n'zachabechabe, ndipo chilango chake chidali kuimitsidwa ntchito. Masiku a chilangowo sadawataye. Ankapita kumalo ojambulira namayang'anitsitsa momwe amisiri ankagwirira ntchito yawo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atachoka ku Warner Brothers mu 1947, iwo ndi amuna awo, a Collier Young, adayambitsa kampani yaing'ono imene pambuyo pake idatchedwa The Filmakers. Mu 1949 adayamba kujambula Not Wanted, nkhani ya mtsikana wotenga pathupi asanakwatiwe. Chakudza sichiimba ng'oma: ntchito itangoyamba, mtsogoleri wake, Elmer Clifton, adadwala mtima. Mayi Lupino adatenga udindowo namaliza filimuyo, ngakhale kuti dzina lawo silidalembedwe ngati mtsogoleri.

Ndalama zidali zochepa, choncho ankajambulira m'misewu ndi m'nyumba zenizeni, nalemba ntchito osewera osatchuka. Koma kuchepa kwa ndalamako kudawapatsa ufulu. Makampani aakulu ankapewa nkhani zooneka zochititsa manyazi poopa kutaya chuma, pamene kampani yaing'ono inkakopa anthu ndi nkhani zomwezo. Filimu ya Never Fear idasimba za mtsikana wovina amene adagwidwa ndi poliyo, nthenda imene Mayi Lupino adadwalapo mu 1934. Outrage, ya mu 1950, idasimba za mtsikana wogwiriridwa usiku akuchokera ku ntchito. Malamulo a nthawi imeneyo sankalola kutchula mlanduwo ndi dzina lake lenileni. Filimuyo sionetsa chiwembucho, koma imatsata mantha a mtsikanayo, amene adathawa kwawo polephera kupirira maso ndi manong'onong'o a anthu. Potero idafunsa funso limene ambiri ankalizemba: n'chifukwa chiyani wolakwiridwa ndiye asenze manyazi?

Mu 1953 adatsogolera The Hitch-Hiker, filimu ya zaupandu, mtundu umene anthu ankauyesa wa amuna okha. Nkhani yake idachokera pa Billy Cook, chigawenga chimene chidapha anthu 6. Amuna awiri opita kukawedza nsomba akweza munthu wopempha matola, ndipo iye awaloza mfuti nawayendetsa m'chipululu cha Mexico. Mmenemo amuna ndiwo aoneka ogwidwa mantha ndi osowa chochita, monga momwe akazi ankaonetsedwera m'mafilimu ena. Chaka chomwecho adatsogolera ndi kusewera mu The Bigamist, nkhani ya mwamuna wokwatira mitala mobisa, ndipo akazi onse awiri adawaonetsa ngati anthu oyenera ulemu.

Kampaniyo idatha mu 1955 itayesa kugulitsa yokha mafilimu ake. Mayi Lupino adatembenukira ku wailesi ya kanema, kumene adatsogolera masewero ambiri. Pa masewero oyamba a The Twilight Zone, mkazi amene adatsogolerapo adali iwo okha. Filimu yomaliza ya m'nyumba za kanema imene adatsogolera, The Trouble with Angels, idatuluka mu 1966. Adamwalira ku Los Angeles pa 3 August 1995 ali ndi zaka 77.

Kwa nthawi yaitali anthu ankawakumbukira ngati wosewera wokongola chabe, pakuti mafilimu otsika mtengo sankawerengedwa pakati pa ntchito zaluso. Zinthu zidasintha pamene akatswiri a mbiri ya kanema adayamba kufufuza akazi oiwalika. Mu 1998 nyumba ya mabuku ya Library of Congress idaika The Hitch-Hiker m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa, ndipo mu 2020 idaikamonso Outrage.

Ophunzira ndi aphunzitsi angatolepo phunziro. Mbiri imalemba kwambiri za anthu amene adali ndi chuma ndi mphamvu, ndipo wofuna kudziwa zoona ayenera kufunsanso za amene adasiyidwa. Mayi Lupino adagwira ntchito ndi zochepa, koma adanena zimene olemera sadalimbe mtima kuzinena.