Amai Henny Porten, Amene Anakana Kusiya Amuna Ao

Pa nthawi imene zithunzi za bayasikopo zinali kuyenda zopanda mau, panalibe mkazi wobadwira ku Germany amene anamveka pa kanema koposa Amai Henny Porten. Iwo anabadwira mu mzinda wa Magdeburg pa 7 January, 1890. Atate ao, a Franz Porten, anali oimba ndi ocita masewero, ndipo ndiwo anawalowetsa pa nchitoyi mu 1906, akali namwali wa zaka 16.

Nchitoyo sinali yapafupi. Popeza oonerera sanali kumva mau, cisoni, mantha ndi cikondi zinayenera kuonekera pa nkhope ndi m'manja. Luso la maiwa linaoneka bwino mu 1920 m'sewero lochedwa Kohlhiesels Töchter, m'mene anasewera atsikana awiri apacibale, wina wofatsa, wina waukali, koma munthu ali mmodzi yemweyo. Masewero ao onse anaposa 170.

Amuna ao oyamba, a Curt Stark, anafera ku nkhondo mu 1916. Mu 1921 anakwatiwanso kwa dokotala, a Wilhelm von Kaufmann, ocokera ku banja la Ciyuda.

Mabvuto anadza mu 1933 pamene Adolf Hitler anatenga boma. Cipani cace ca Nazi cinali kuzunza Ayuda, ndipo ocita masewero amene anali pa ukwati ndi Ayuda anali kuumirizidwa kuthetsa mabanja ao. Ena anagonja kuti nchito isawathere. Amai Porten anakana kwa mtu wa galu. Anadziwa kuti ukwatiwo ndiwo unali cishango ca amuna ao, pakuti Myuda wosiyidwa ndi mkazi wace analibenso womuteteza. Zotsatira zace, munthu amene kale anali kuturutsa masewero angapo pa caka anayamba kuitanidwa mwa kamodzikamodzi. Anafuna kucoka m'dzikomo, koma boma linawamana cilolezo. Mu 1944 bomba linagwetsa nyumba yao ku Berlin, ndipo malo ogona anasowa, pakuti kusunga Myuda unali mlandu.

Onse awiri anapulumuka nkhondoyo, nakakhala m'tauni ya Ratzeburg. Koma mbiri ija sinabwerenso monga kale. Masewero ao awiri otsiriza anawacita ku East Germany mu 1954 ndi 1955. Dokotala uja anamwalira mu 1959, ndipo Amai Porten anatsatira pa 15 October, 1960, ku Berlin, ali ndi zaka 70.